Okwera pakavalo aja si amene anaikidwa m'manda a Naqsh-e Rostam

Owerenga ena anditumizira imelo ataona zithunzi za Naqsh-e Rostam, thanthwe lija lili pafupi ndi mabwinja a Persepolis, mzinda wa mafumu akale a Perisiya, m'chigawo cha Fars ku Iran. Akufunsa ngati mafumu okwera pakavalo osemedwa m'munsimo ndi omwewo amene anaikidwa m'manda am'mwamba. Ayi ndithu, bambo, ndipo amene amalemba choncho pansi pa zithunzi pa Facebook akusocheretsa anthu.

Manda anayiwo ndi a mafumu a banja la Achaemenid. Kunja kwake anasema ngati mtanda waukulu, wotalika mamita pafupifupi 23. Pakati pali nsanamira zinayi zokhala ndi mitu ya ng'ombe, ndi khomo lolowera. Pamwamba mfumu yaima pansanja ya masitepe atatu, uta uli m'dzanja, ikuyang'ana guwa lamoto, ndipo anthu 30 oimira mitundu ya mu ufumuwo anyamula mpando waukulu umene mfumuyo yaimapo. Manda amodzi okha ndiwo ali ndi dzina la mwini wake: a Darius Woyamba, amene anamwalira mu 486 Khristu asanabadwe. Zolembazo zili m'Chiperisiya chakale, Chielamu ndi Chibabulo. M'kati mwake muli zipinda zitatu, chilichonse chokhala ndi maenje atatu oikamo mitembo. Atatu enawo akatswiri amati ndi a Xerxes Woyamba, Artaxerxes Woyamba ndi Darius Wachiwiri, koma amatero poyerekeza kasemedwe ndi dongosolo la mafumuwo. Munthu akakulozerani molimba mtima ngati kuti mayina alembedwa pakhomo, musamumvere.

Tsono okwera pakavalowo anabwera patapita zaka zoposa 700 Darius Woyamba atamwalira. Ndi mafumu a banja la Sasanian, lomwe linayamba ndi Ardashir Woyamba mu 224 Khristu atabadwa. Iyeyu akuoneka akulandira nkhata yaufumu kwa mulungu Ahura Mazda, onse awiri ali pakavalo. Kavalo wa mfumu wapondereza Artabanus, mfumu ya Parthia imene anaigonjetsa, pamene wa mulunguyo wapondereza Ahriman, mzimu woipa umene ndi mdani wake. Chosema chotchuka kwambiri ndi cha mwana wake, Shapur Woyamba, ali ndi mafumu awiri a Roma. Ambiri amati wogwadayo ndi Philip, amene anagula mtendere mu 244, ndipo wogwidwa padzanjayo ndi Valerian, amene anatengedwa ukapolo ku Edessa mu 260.

Sanasankhe malowa mwangozi. Kusema nkhope yako pansi pa manda a mafumu akale n'kuuza anthu kuti ulemerero wawo tsopano ndi wako. Ndale zenizeni. Bahram Wachiwiri anachita kufika pofufuta chosema chakale cha Aelamu n'kuikapo chake, moti munthu mmodzi wa m'chosema chakalecho akadaonekabe m'mbali. Ngakhale dzina la malowa n'losokoneza: anthu a m'tsogolo ataiwala mafumuwa anaganiza kuti wokwera pakavaloyo ndi Rostam, ngwazi ya m'nthano zawo. Nsanja yamiyala ili patsogolo pa thanthweli imatchedwa Ka'ba-ye Zartosht, dzina loilumikiza ndi mneneri Zoroaster, koma inamangidwa m'nthawi ya Achaemenid, ndipo Shapur anangolembapo nkhani ya nkhondo zake m'zinenero zitatu, kuphatikizapo Chigiriki. Zolembazo zinali zitakwiririka m'dothi mpaka gulu la Erich Schmidt, katswiri wofukula zakale, linakumba m'zaka za m'ma 1930.

Kusiyanitsa kwake

Yang'anani mutu ndi miyendo. Mfumu ya Achaemenid yaimirira, siili pakavalo, yayang'ana chammbali, inasemedwa mosazama ndipo ili m'mwamba. Ya Sasanian ili m'munsi, inasemedwa mozama, tsitsi lili mulu, nsalu zikuuluka kumbuyo, ndipo pachisoti pali chibulunga chachikulu. Mfumu iliyonse inali ndi chisoti chakechake, ndiye akatswiri amachiyerekeza ndi cha pa ndalama zachitsulo. Cha Shapur chili ndi mano ngati linga la mzinda. Chisoti chikaphwanyika, monga pa zosema zina za nkhondo, dzina la mfumuyo limakhala la mkangano.