Wapemphereredwa kanayi, tchimo lomwelo likumubwererabe

Imelo ya m'bale wina yakhala sabata ziwiri ndisanaiyankhe. Si ulesi ayi, koma ndikaitsegula mtima umangoti myuu. Akuti analandira Yesu zaka zitatu zapitazo, wapita kanayi kukapemphereredwa kuti amasulidwe, koma tchimo lomwe lija silikumusiya. Funso lake n'lakuti: "Kodi ndinapulumutsidwadi, kapena muli chiwanda mwa ine chimene chikukana kutuluka?" Tchimolo sanalitchule, nanenso sindimufunsa.

Achimwene, langa linali mkwiyo. Tsiku lina m'mawa ndinamenyetsa kapu kukhoma chifukwa makiyi sindimawaona pomwe ndinkaganiza kuti ndinawasiya. Mayi a kunyumba sanayankhe kanthu, anangotenga tsache. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu nthawi imeneyo, amene ndinamupeza kuseri kwa chitseko atatseka makutu ndi manja onse awiri. Makiyiwo anali m'thumba la jekete lomwe ndinavala. Ndipo musaganize kuti ndinali wakunja: ndinali wobatizidwa, wotsogolera mapemphero a pakati pa sabata, munthu woti ndikayamba kupemphera anthu ankati "Ameni" mokweza.

Ndinapita kwa mtumiki wina. Anandiuza kuti ndi mzimu wa mkwiyo wochokera kwa makolo. Kunena zoona, mawu amenewo anandikomera kwambiri, chifukwa mlandu unachoka pamutu panga n'kupita kwa agogo amene anagona kalekale, osatha kudziyankhira. Anandisanjika manja, ndinagwa, ndinalira, ndinadzuka thupi lili pepuu. Sipanathe sabata ziwiri, ndinakalipiranso mwana yemwe uja chifukwa chotaya madzi patebulo.

Musandimve molakwa, sindikukana kuti ziwanda ziliko. Pa Marko 5 pali munthu wokhala kumanda amene ankadula maunyolo, ndipo Yesu anamumasuladi. Koma tsegulani Agalatiya 5:19-21. Paulo akutchula dama, nsanje, kupsa mtima, kuledzera, ndipo dzina limene akuzipatsa ndi ntchito za thupi. Pa vesi 24 akunena chochita nalo thupilo: kulipachika. Chiwanda amachitulutsa, koma thupi simungalitulutse, mumagona nalo n'kudzuka nalo. Paulo yemweyo pa Aroma 7:19 akudandaula kuti chabwino chimene akufuna sachichita, choipa chimene sakufuna n'chimene amachita. Ameneyu ndi mtumwi, munthu woti anatulutsapo mzimu woipa mwa mtsikana ku Filipi.

Ndiye ndinene mosapsatira. Mtumiki amene wakupemphererani kanayi pa nkhani imodzimodzi, osakufunsani n'kamodzi komwe kuti mumagona nthawi yanji, mumacheza ndi yani, foni yanu ili ndi chiyani, ameneyo wakusandutsani kasitomala. Mwina sakudziwa kuti akutero, koma ndi zomwezo basi. Munthu amachoka kumeneko ataphunzira chinthu chimodzi: ndikagwa, ndithamangire kwa munthu wa Mulungu. Kulapa amaiwala, chifukwa ungalape bwanji chinthu chimene wauzidwa kuti wachita ndi wina?

Izi zikundikumbutsa Martin Luther, wansembe wa ku Germany amene anayambitsa Chiprotestanti. Analowa m'nyumba ya amonke ku Erfurt mu 1505, ndipo ankatha maola akuulula machimo kwa mkulu wake Johann von Staupitz, n'kutuluka n'kukumbukanso lina. Mtendere anaupeza powerenga Aroma 1:17, atazindikira kuti chilungamo chimene Mulungu akufuna ndi chomwe Mulunguyo amapereka mwa chikhulupiriro. Iye ankabwerera kukaulula, ife timabwerera kukagwetsedwa, koma nthenda yake ndi imodzi, yofuna kumva m'thupi kuti tsopano zatheka.

Ine chimene chinandithandiza ndi Lazaro. Anakhala m'manda masiku anayi, Yesu n'kumuitana, iye n'kutuluka wamoyo. Koma pa Yohane 11:44 anatuluka manja ndi miyendo zili zokulungidwa ndi nsalu za maliro, nkhope yophimbidwa. Moyo anali nawo kale, ndipo Yesu anauza anthu oima pompo kuti amumasule. Anga ondimasula anali bambo wina wachikulire wa mumpingo, wosadziwa n'kukuwa komwe popemphera. Loweruka lililonse ankandifunsa funso limodzi: "Sabata ino mwakalipira ndani?" Manyazi oyankha funso limenelo anachita zimene kugwa pansi sikunachite.

Nanga yankho la funso lanu?

Munthu wakufa samva kuwawa, ndiye poti tchimolo likukusowetsani tulo, ine ndikuona moyo mwa inu. Chipulumutso ndi mphatso, Aefeso 2:8-9 akutero, ndipo 1 Yohane 1:9 analembera okhulupirira amene amachimwa. Pezani munthu mmodzi wokhwima, wosunga pakamwa, mumuuze tchimolo ndi dzina lake monga akunenera Yakobo 5:16. Onani nthawi ndi malo amene limakupezerani, mutseke khomo limenelo. Ngati ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, kaonaneninso ndi dokotala, palibe kusakhulupirira pamenepo.

Mwana uja pano ndi wamkulu. Mwezi watha ndinamukwezera mawu pa foni pa nkhani yosadziwika mutu wake, ndipo patapita mphindi khumi ndinamuimbiranso kupepesa. Anaseka n'kunena kuti, "Adadi, kale zikanakutengerani sabata."