Chifukwa chake makampani akuthawa kupanga maantibayotiki atsopano

Mwafunsa kuti popeza mabakiteriya osamva mankhwala anapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni mu 2019, n'chifukwa chiyani makampani sakuthamangira kupanga maantibayotiki atsopano. Nkhani yagona pa ndalama.

Kuti mankhwala amodzi afike kuchipatala pamatenga zaka 10 mpaka 15, ndipo ambiri amafera m'njira akamayesedwa. Akavomerezedwa, madokotala amawasungira odwala okhawo amene mankhwala ena onse akanika, kuti tizilombo tisawazolowere msanga. Kumeneko n'kuchita bwino, koma ndiye kuti malonda sayenda. Komanso wodwala amamwa kwa sabata imodzi kapena ziwiri basi, pomwe wamatenda a shuga amagula mankhwala moyo wake wonse. Mwachitsanzo, kampani ya Achaogen inaloledwa kugulitsa antibayotiki watsopano wotchedwa plazomicin mu 2018, chaka chotsatira n'kugwa chifukwa ndalama zinaithera.

Maboma amathandiza panjira ziwiri. Yoyamba ndi kulipira kafukufuku, monga amachitira mabungwe a CARB-X ndi GARDP omwe anayamba mu 2016. Njirayi payokha siyikwana, chifukwa kampani imagwa itamaliza kale kafukufuku, pa nthawi yogulitsa.

Yachiwiri ndiyo yofunika kwambiri. Mu 2022 dziko la England linayamba kulipira opanga maantibayotiki awiri otchedwa cefiderocol ndi ceftazidime-avibactam ndalama yokhazikika, mpaka mapaundi 10 miliyoni pachaka aliyense, kaya mankhwalawo agwiritsidwa ntchito kwambiri kapena pang'ono. Motero kampani siyikakamiza madokotala kulemba mankhwala mwachisawawa. Koma dziko limodzi silingabweze zonse zimene kampani yawononga, pokhapokha mayiko ena olemera atasonkha nawo.