Sync si backup: yankho kwa amene akufuna kusiya kukopera pa hard drive

Owerenga athu ena atilembera imelo. Ali ndi kompyuta ya ku ofesi ndi laputopu, ndipo foda yawo yantchito imayendera Dropbox, pulogalamu ya sync imene imasunga foda pa intaneti n'kuifananitsa pa makompyuta onse. Akufunsa ngati angasiye kukopera mafayilo pa hard drive yapadera, poti fayilo iliyonse ili kale m'malo atatu: pa makompyuta awiriwo ndi pa intaneti.

Musasiye ayi. Ntchito ya pulogalamu ya sync ndi kufananitsa mafoda basi, ndipo siisiyanitsa zimene mwachita dala ndi zimene mwachita mwangozi. Mukafufuta foda pa laputopu, posakhalitsa yafufutikanso ku ofesi. Fayilo ikawonongeka, kapena ransomware (vairasi yotseka mafayilo kuti mulipire dipo) ikaitseka, pulogalamuyo imangoona kuti pasintha china chake n'kutumiza yowonongekayo konsekonse.

Mwina munganene kuti zofufutidwa zimabwezeka. Zoona, koma kwa kanthawi. Dropbox yaulere imasunga masiku 30, bini ya Google Drive masiku 30, OneDrive ya munthu payekha masiku 30, ya kuntchito kapena kusukulu masiku 93. Nanga fayilo ya chaka chatha mumaitsegula kangati? Mudzazindikira kuti kulibe patatha miyezi inayi, madzi atafika kale m'khosi. Syncthing, pulogalamu inanso ya sync, ndiye siisunga n'komwe zakale mpaka mutayatsa nokha File Versioning (gawo losunga makope akale) pa foda iliyonse, ndipo ngakhale mutatero imangosunga zimene zasinthidwa ndi kompyuta inayo, osati zimene mwafufuta pomwe muli.

China chimene chimasokoneza anthu ndi fayilo imodzi kusinthidwa mbali ziwiri. Mwakonza lipoti pa laputopu mulibe intaneti, madzulo mwalikhudzanso ku ofesi. Dropbox siiphatikiza ziwirizo. Imasunga zonse, ina n'kuiwonjezera mawu akuti "conflicted copy" m'dzina lake. Syncthing imalemba "sync-conflict". Palibe chatayika, koma mukapanda kuona mumapitiriza ndi fayilo yolakwika. Kamodzi pa mlungu fufuzani mawu akuti "conflict" m'foda yonse.

Mafayilo amene amakhala otsegula tsiku lonse, monga .pst (fayilo ya maimelo) ya Outlook kapena database (nkhokwe ya zolembedwa) ya pulogalamu yowerengera ndalama, musawaike m'foda ya sync. Amakopedwa akulembedwa, ndipo kope lake likhoza kukana kutseguka.

Palinso timavuto ta mayina. Windows imakana zizindikiro monga : ? * | m'dzina la fayilo, ndipo mapulogalamu ambiri amakanika dzina lonse, kuphatikiza mafoda ake, likapitirira zilembo 260. Pa Linux, Lipoti.docx ndi lipoti.docx ndi mafayilo awiri. Pa Windows ndi imodzi. Flash yofomatidwa mwa mtundu wa FAT32 siilandira fayilo yoposa 4 GB. Mu sync, mafayilo oterewa nthawi zina amangodumphidwa mwakachetechete, chenjezo lake n'kubisala m'kauthenga kamene palibe amawerenga.

Choopsa kwambiri kwa ine ndi mapulogalamu okopera mafoda polemba malamulo: rsync yokhala ndi --delete, kapena robocopy yokhala ndi /MIR. Zimenezi zimafufuta kolandirako chilichonse chimene kulibe kochokera. Mukasinthanitsa mbali ziwirizo, kapena disiki yochokera ikaoneka yopanda kanthu chifukwa sinalumikizike bwino, kope lanu labwinobwino limasesedwa lonse. Yambani ndi kuyesa: -n pa rsync, /L pa robocopy. Zimakuonetsani zimene zichitike popanda kukhudza fayilo. Mukaona mndandanda wautali wa zofufutidwa, imani kaye.

Ndiye chitani chonchi. Dropbox ipitirize ntchito yake. Hard drive ija muzilumikiza kamodzi pa mlungu, mukopere ndi pulogalamu yosunga makope a masiku osiyanasiyana, monga File History pa Windows kapena Time Machine pa Mac, kenako muichotse; ikakhala yolumikizidwa nthawi zonse, ransomware imafikanso komweko. Onetsetsani kaye kuti mafayilo alidi pa kompyuta, chifukwa olembedwa "online-only" ndi mayina chabe, zenizeni zili pa intaneti. Mwezi uliwonse sankhani mafayilo atatu akale, muwabweze kuchokera pa hard drive, muwatsegule muone ngati akuwerengeka.