Mafunso ndi Mayankho: Kodi Nyukiliya Ingatifikitse ku Nyenyezi Zina?

Funso: A Mkonzi, ndimamva kuti roketi yoyendera mphamvu ya nyukiliya ingathe kusamutsira anthu ku nyenyezi ina. Ngati n'zoona, chikuvuta n'chiyani? *Wowerenga*

Yankho: Tiyambe ndi mtunda. Kuwala kumatenga zaka 4.2 kuchoka ku Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa, kufika kuno. Chombo cha Voyager 1, chomwe chinanyamuka mu 1977, chimathamanga makilomita 17 pa sekondi, koma mtunda umenewu chingaumalize patapita zaka zoposa 70,000.

Injini ya nyukiliya ya NERVA, imene dziko la America linaiyesa ku Nevada m'ma 1960, inkatenthetsa hayidirojeni ndi yureniyamu n'kuitulutsa pa liwiro la makilomita pafupifupi 8 pa sekondi, kuwirikiza kawiri roketi wamba. Ulendo wa ku Mars ingathandize. Wa ku nyenyezi ayi.

Pulani yolimba mtima inali Daedalus, imene bungwe la British Interplanetary Society linalemba pakati pa 1973 ndi 1978. Chombocho chikananyamula matani 50,000 a mafuta a nyukiliya otchedwa deuterium ndi helium-3, n'kumaphulitsa timibulu 250 ta mafutawo pa sekondi iliyonse mpaka kufika pa 12 peresenti ya liwiro la kuwala, ndipo chikanafika ku nyenyezi ya Barnard's Star m'zaka 50. Injini yotero sinapangidwepo, komanso helium-3 ndi yosowa moti ankati akaitape ku Jupiter. Chachikulu n'chakuti munalibe anthu, ndipo chombocho chikanangodutsa osaima. Apa m'pamene pagona nkhani. Osamuka ayenera kukaima, choncho mafuta ochepetsera liwiro ayenera kunyamulidwa kuyambira ponyamuka, ndipo nawonso amafuna mafuta ena owakankha. Kulemera kwa chombo kumachulukirachulukira.

Fumbi nalo ndi mdani. Pa liwiro limenelo, kachidutswa kolemera miligalamu imodzi kamagunda ndi mphamvu ya mabomba a TNT okwana makilogalamu 150. N'chifukwa chake Daedalus anaikonzera chishango cha chitsulo chotchedwa beryllium kutsogolo.

Kwa ife, chovuta koposa ndi kusunga moyo. Mu 1991 anthu 8 anatsekeredwa mu Biosphere 2, chinyumba chagalasi chosalowa mpweya wakunja ku Arizona, kuti azidzilimira chakudya ndi kupuma mpweya wa zomera zawo. Okosijeni inatsika kuchoka pa 21 kufika pa 14 peresenti. Tizilombo ta m'nthaka tinkaidya, pamene simenti ya makoma inkayamwa carbon dioxide imene zomera zikanagwiritsa ntchito poibwezeretsa. Zisanathe zaka ziwiri, anachita kupopera okosijeni kuchokera kunja. Pakati pa nyenyezi palibe amene angakupopereni.