Kodi geni ya kachewere nayo ndi startup?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mchemwali wina wa pa Lizulu. Akuti chaka chino wayamba kupikula kachewere kwa alimi a ku Tsangano n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Ndiye waona chidziwitso cha mpikisano woitana achinyamata omwe ali ndi "startup". Akufunsa: mawuwa akutanthauzanji, nanga geni yake ingalowe nawo?

Achemwali, mawuwa ndi a Chingerezi ndipo muzu wake ndi kuyamba basi. Koma anthu a zamalonda akamati startup sanena bizinesi iliyonse yoyamba kumene. Amanena kampani yaing'ono yomwe yabwera ndi njira yachilendo yothetsera vuto la anthu ambiri, ndipo ikasaka msika n'kuupeza imakula mwamsangamsanga. Mawuwa anafala kuchokera ku Silicon Valley, dera la makampani a zamakompyuta ku California, ku America. Google inayamba mu 1998 m'galaja, anyamata awiri okha, Larry Page ndi Sergey Brin. Kuno ku Africa kuli Paystack ya ku Lagos, yothandiza amalonda kulandira ndalama pa intaneti: inayamba mu 2015, pofika 2020 kampani ya ku America yotchedwa Stripe inaigula pa mtengo woposa madola 200 miliyoni.

Pamene pagona nkhani ndi pa mpamba. Inu mukatenga ndalama ku banki mkhonde, kachewere awole kapena asawole, tsiku lobweza likakwana mubweza ndi chiwongoladzanja chomwe. Mwini startup kawirikawiri sakongola, amagulitsa gawo la kampani yake. Oikamo ndalama amatenga masheya, zikayenda adyerera, zikakanika aluza limodzi naye. Ndipo zambiri zimakanikadi, chifukwa njirayo imakhala isanayesedwepo.

Yanuyo ndi yoyesedwa kale. Amayi a pa Lizulu ndi pa Chimbiya akhala akuchita zimenezi ife tisanabadwe, ana aphunzira, nyumba za malata zamangidwa. Dzina lake ndi geni, kapena bizinesi ngati mukufuna kumveka bwino kwa apongozi. Ine sindiona chochititsa manyazi pamenepo, koma masiku ano ngakhale wokazinga tchipisi pa chiwaya akudzitcha mwini startup pa Facebook!

Tsono tiyerekeze kuti mwakonza njira yoti mlimi wa ku Bembeke kapena ku Tsangano atumize uthenga pa foni kuti ali ndi matumba angati, wa lesitilanti ku Blantyre aode pomwepo, alipire pa Airtel Money kapena Mpamba, lole imodzi itole katundu wa alimi makumi awiri. Mawa njira yomweyo igwire ntchito pa tomato ndi kabichi, mkuja ifike ku Jenda. Imeneyo ndiye startup yeniyeni, ndipo maganizo otere ndi omwe malo ngati mHub ku Lilongwe, omwe anayambitsa mayi Rachel Sibande, amawalera.

Pa za mpikisanowo, musadzichotse nokha. Mabungwe ambiri kuno amangogwiritsa ntchito mawuwa ponena bizinesi iliyonse ya wachinyamata yomwe sinakhalitse. Werengani zofunikira zawo: ngati akungofunsa zaka za bizinesi ndi chiphaso cha kalembera, lembani, ndipo munene chilungamo kuti mumagulitsa kachewere. Kope lolembamo matumba omwe mwapikula, za thiransipoti ndi zomwe mwapeza likhale pafupi, chifukwa oweruza amakonda kuyambira pamenepo.