Mabotolo a gasi odzazitsa mu motorhome: akakufikitsani ku Nampula ndi ku Mbeya?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena amene apuma pa ntchito ku England n'kubwerera kwawo kuno ku Mangochi, cha ku Namwera. Pobwera anatumiza pa sitima motorhome yawo, galimoto ija yokhala ndi bedi, kakhitchini ndi filiji mkati. Imeloyo inali yaitali, koma funso lenileni ndi ili: "M'galimotomu muli mabotolo awiri achikasu a Gaslow, lililonse la makilogalamu 11. Ku UK ndinkangoima pothira mafuta n'kudzaza ndekha pa pampu. Mu October ine ndi mayi akunyumba tikufuna kutulukira pa Chiponde kukafika ku Nampula ndi ku Ilha de Moçambique, tikabwerako tikwere kumpoto, titulukire pa Songwe mpaka ku Mbeya ndi Iringa. Kodi mabotolowa akatithandiza, kapena ndiwachotse?"

Mwachita bwino kufunsa, bambo, poti safunsa adadya phula. Musawachotse. Koma mukanyamuka mukudalira iwo okha, tsiku lina mudzapezeka mukufunsa mtengo wa makala pa msika wa ku Cuamba, chitofu chabwinobwino chili m'galimoto.

Gasi wophikira ndi wa mtundu womwewo kulikonse: wotchedwa propane, wotchedwa butane, kapena awiriwa atasakanizidwa. Chimene chimasintha mukadutsa boda ndi kukamwa kwa botolo, mwini wake wa botolo, ndi mmene amagulitsira. Mabotolo anuwo anapangidwira maiko amene magalimoto ena amayendera gasi, kotero m'malo ena othira mafuta mumakhalanso pampu ya gasi yogulitsa pa lita. Ngakhale ku Ulaya komweko pampu sizifanana: ya ku UK ndi Netherlands ili ndi kukamwa kwake, ya ku Germany ndi Belgium kwake, ya ku France ndi Italy kwake, ya ku Spain kwakenso. Mukasuzumira m'kabati ya pansi pa mpando mwina mupeza kathumba ka timaadaputa tamkuwa titatu. Ndi ntchito yake imeneyo. Tisungeni, koma pa msewu wa Mandimba, Cuamba mpaka Nampula musayembekezere pampu yoti mutilumikizeko.

Kuno kwathu gasi timagula pa kilo. Mumanyamula silinda, amaiika pa sikelo, amadzaza, mumalipira mtengo umene a MERA alengeza. Ku Zambia, Zimbabwe, Botswana ndi Namibia ndi chimodzimodzi, ndipo masilinda ambiri ndi a mtundu wa ku Joni: aakulu a makilogalamu 9 kapena 19, ndi aang'ono aja a Cadac amene aliyense wodzaza gasi amawadziwa. Ku Mozambique ndi ku Tanzania ambiri sadzaza pamaso panu, amasinthanitsa. Mumapereka lopanda kanthu, amakupatsani lodzaza la kampani yomweyo. Ku Tanzania mudzaona a Oryx ndi a Taifa Gas ataunjikidwa pakhonde la golosale iliyonse, ku Mozambique mudzaona a Galp. Wogulitsayo alibe sikelo, alibe pampu, ndipo botolo lachikasu la ku England sangalilandire ngakhale mutamunyengerera bwanji. Si nkhanza. Mabotolo osinthanitsa ndi katundu wa kampani, iye ndi wongosunga.

Mawu awiri okuthandizani pofunsa: kwa Apwitikizi botolo la gasi ndi botija de gás, kwa Aswahili ndi mtungi wa gesi. Koma apa ndikuchenjezeni zolimba. Ku Dar es Salaam ndi ku Maputo kuli malo othira gasi m'magalimoto, ndipo munthu wabwino mtima akhoza kukulozerani kumeneko. Ameneyo ndi gasi wina, wachilengedwe wopanikiza, amene ku Tanzania amalemba CNG ndipo ku Mozambique GNV. Amalowa ndi mphamvu ya mabala pafupifupi 200 (bala, pa Chingerezi bar, ndi muyeso wa kupanikiza kwa mpweya), pamene m'botolo lanu mumakhala mabala 8 kapena kupitirirako pang'ono kukatentha. Kukamwa kwake sikulumikizana ndi kwanu, ndipo wina akati adziwa wowotcherera amene angapange kolumikizira, thokozani n'kuchokapo.

Ndiye muchite chiyani? Choyamba, dzazani onse awiri musanachoke. Pitani ku depoti yeniyeni ya gasi, ku Blantyre kapena ku Lilongwe, galimoto ili pomwepo, aone okha polowera gasi wanu ndipo akuuzeni adaputa imene ikufunika kuti payipi yawo igwire. Zimenezi zichitike mwezi wathunthu ulendo usanafike, osati dzulo lake. Makilogalamu 22 si ochepa. Mmene ndinayezera ine pa kagalimoto kanga, filiji ya gasi imadya pafupifupi magalamu 300 pa tsiku, kuphika nsima ndi ndiwo kawiri kuphatikiza tiyi wa m'mawa kumadya enanso 300 kapena kucheperapo. Botolo limodzi likhoza kukutengerani masabata awiri ndi theka kapena atatu, awiri n'kukwana mwezi ndi kanthu. Nyemba ndiye mdani. Ngati mayi akunyumba amakonda nyemba ngati akwathu kuno, tengani kambaula, muziphikira panja pa makala, kapena gulani poto wa pulesha.

Chachiwiri, gulani silinda yaing'ono yanuyanu, ya makilogalamu 3 kapena 5, ndi kachitofu komangira pamwamba pake. Imeneyi ndiyo imapulumutsa. Ku Malawi kuno ndi ku Zambia idzadzazidwa popanda mafunso. Mukafika ku Mbeya gasi atachepa, musavutike ndi maadaputa: gulani mtungi waung'ono wa makilogalamu 6, umabwera ndi choyatsira chake ndi mafuwa achitsulo pamwamba, muziphikira panja, a m'galimoto muwasiyire filiji. Pobwerera mudzaupatse munthu ku Kasumulu, pa boda ya Songwe mbali ya Tanzania, kapena muugulitse motchipa. Ndalama imene mungataye pamenepo ndi yochepa poyerekeza ndi dizilo wozungulira tauni yachilendo kufunafuna depoti.

Tsopano ndifike pamene ndikufuna mukhalitse, chifukwa mwasankha October. Gasi m'botolo amakhala wamadzimadzi, ndipo kukatentha amafufuma kwambiri kuposa madzi. N'chifukwa chake botolo silidzazidwa mpaka pakhosi, amasiya gawo limodzi mwa magawo asanu. Anu a Gaslow ali ndi kavalavu mkati kamene kamatseka kokha gasi akafika pa 80 peresenti, bola botolo liime chilili pamalo osapendekeka. Silinda wamba ilibe kanthu koteroko. Chitetezo chake ndi sikelo, ndi maso anu.

Ndinaziona ndekha zaka zingapo zapitazo. Ndinadzazitsa silinda ya makilogalamu 5 pamalo ena m'mawa, mnyamata wodzazayo akucheza pa foni, ine ndikusangalala kuti yalemera bwino, ndati lero andikomera mtima. Ndinaiika kumbuyo kwa galimoto n'kuyamba ulendo wa ku Monkey Bay. Masana ndinaima pogula nsomba, magalasi otseka, dzuwa lili paliwombo. Nditabwerako ndinamva kamluzu ka "tsiii", ndipo potsegula chitseko fungo lija la mazira owola linandimenya m'mphuno. Kavalavu kotulutsa mphamvu yopitirira kanali katatseguka, chitsulo chapafupi nako chitachita chisanu. Amayi ena pafupi pomwepo anali kukazinga zitumbuwa. Ndinainyamula manja akunjenjemera kukaiika pansi pa mtengo wa mango kutali, n'kuithira madzi. Madzulo nditaiyeza ndinapeza idakali yolemera kuposa muyeso wake, chikhalirecho inali itataya wina.

Kuyambira tsiku limenelo ndimayenda ndi kasikelo kokoloweka, konga kamene amayezera katundu pokwera ndege. Pa khosi la silinda iliyonse pali manambala odinda. Yang'anani pamene alemba TW kapena Tare: kumeneko ndi kulemera kwa silinda yopanda kanthu. Mukaphatikiza nambala imeneyo ndi makilogalamu a gasi amene silindayo inapangidwira, mwapeza malire. Ikapitirira, abweze wina pomwepo, ngakhale akunyogodoleni kuti mukukana zaulere. Ikachepa, ndiye mwadziwanso kuti akuberani. Pa khosi pomwepo pali chaka chimene silinda inayesedwa. Maiko ambiri amafuna iyesedwenso pakatha zaka 10, ndipo depoti yosamala imakana yopitirira. Onani anu achikasuwo, poti galimoto zochokera kunja zimabwera zitayenda kale zaka.

Mudzakumana ndi azungu oyenda ndi magalimoto aakulu ku Cape Maclear amene adzakuuzani za kutsanulira: kupachika botolo lodzaza chozondotsa pa nthambi, payipi n'kutsikira ku lopanda kanthu. Zimatheka, ndaonapo. Ine sindichita, ndipo inu ndi mayi musayambe kuphunzirira ku dziko la eni. Lita imodzi ya gasi wamadzi ikatayika imasanduka malita oposa 250 a mpweya woyaka, ndipo mpweyawo ndi wolemera kuposa umene timapuma, sukwera m'mwamba, umayenda pansi ngati madzi kufunafuna mbaula ya munthu.

Kulemera komweku ndiko chifukwa chake kabati ya mabotolo ili ndi bowo pansi. Misewu yathu ndi ya fumbi, ndiye anthu amatseka bowolo ndi kansanza kapena tepi. Musatero. Fumbi mudzapukuta. Bowolo ndi khomo lotulukira gasi akadontha, mukalitseka amalowa pansi pa bedi lanu.

Za regyuleta, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi asanafike ku chitofu, ndinene mwachidule. Motorhome za ku Ulaya za zaka zino zimayendera mamiliba 30 (mamiliba 1,000 ndi bala imodzi), za ku Joni 28, kusiyana kwake chitofu sichikumva. Zakale za ku Germany zinali za 50, zimenezo ndiye osasakaniza. Onani kachikwangwani m'kabatimo. Kanthu kena kamene kawonongetsa anthu mkuwa ndi aka: nati zambiri za gasi zimamangidwa mobwerera, kumanzere. Mukaona nati ili ndi timizere todula m'makona ake, dziwani kuti ndi yotero, musaikakamize ndi sipanala. Mukamanga, pakani thovu la sopo polumikizira. Likachita matuza, pakudontha. Machesi ayi.

Kuzizira sikudzakuvutani mu October. Butane amaleka kusanduka mpweya kukazizira kufika pa madigiri 0, ndiye amene amapita ku Nyika kapena ku mapiri a Njombe mu June nthawi zina amadzuka chitofu chikungonyeka kamoto kofooka botolo lili lodzaza. Inu vuto lanu ndi dzuwa, makamaka kuno kunyanja ndi kutsika kwa ku Nampula. Imikani galimoto mbali ya kabati ya gasi ili kumthunzi.

Poyenda tsekani mabotolo pa valavu yake, filiji iziyendera batire. Msewu wokwera ku Namwera mukuudziwa, ndipo mabampu amamasula zomangira kuposa mmene mungaganizire. Pothira dizilo kamoto ka filiji kakhale kozima. Usiku musayatse chitofu kuti mufunde mazenera ali otseka, ndipo gulani kaalamu ka mpweya wakupha wa carbon monoxide, kamene kamayendera mabatire wamba.

Pa boda, a kasitomu akatsegula kabati, aonetseni kuti mabotolo ndi omangirira ku galimoto ndipo ndi ophikira. Silinda yaing'onoyo muimange chilili ndi lamba pakona, isagone chammbali. Mukadutsa pa Mangochi boma musananyamuke, ndiuzeni pa imelo yomweyi, tidzaonere limodzi manambala a pa khosi paja. Kasikelo ndili nako kapadera, ndidzakubwerekani.