Mijigo ili mumtsinje pa mapu: vuto ndi CRS

Wowerenga wina watumiza imelo: "Ndalowetsa mu QGIS, pulogalamu ya pakompyuta yopangira mapu, malo a mijigo omwe ndinatenga ndi GPS, pamodzi ndi malire ochokera pa mapu akale a Dipatimenti ya Surveys. Zinthu sizikukumana, mijigo ina yagwera mumtsinje. Kodi GPS yanga ndi yakufa?"

GPS ilibe mlandu, achimwene. Vuto ndi CRS, dongosolo lomwe limauza kompyuta kuti manambala a malo akuloza pati padziko. GPS imawerengera malo potsatira datum (maziko oyezera malo padziko) yotchedwa WGS 84, pomwe mapu akale a 1:50,000 a Malawi anajambulidwa pa datum ina, Arc 1950. Onse ali mu UTM zone 36S, chigawo cha dongosolo loloza malo m'mamita, koma manambala awo saloza malo amodzi. Mukatenga manambala a Arc 1950 n'kuuza kompyuta kuti ndi a WGS 84, malire amasuntha pafupifupi mamita 300, makamaka chakumpoto. Mudzi wonse umalumpha msewu.

Musanagwire chilichonse, yang'anani manambala a leya iliyonse (ya mijigo ndi ya malire) pa Properties, kenako Information. Akakhala ngati 33.78 ndi -13.98, amenewo ndi madigiri, EPSG:4326 (nambala ya EPSG ndi dzina la CRS). Akakhala ngati 584000 ndi 8454000, ndi mamita a UTM. Pamenepo ndi Lilongwe. Chovuta n'choti Arc 1950 ndi WGS 84 siziwoneka kusiyana pa manambala otere. Werengani m'mphepete mwa mapu a pepala aja, datum imalembedwa pamenepo.

Pomwe ambiri amaphonya ndi apa. Set Layer CRS sisintha nambala ngakhale imodzi, imangomata dzina, monga kulemba "shuga" pa chitini cha mchere. Igwiritseni ntchito pokhapokha dzina lili lolakwika kapena fayilo ya .prj, yomwe imasunga dzinalo, yasowa. Malire anuwo apatseni dzina lawo lenileni, EPSG:20936, lomwe ndi Arc 1950 mu UTM zone 36S. Mukatero pitani pa Export, Save Features As, musankhe EPSG:32736, yomwe ndi WGS 84 mu UTM zone 36S. Apa ndiye manambala amasinthadi. QGIS ikakufunsani njira yosinthira, tengani yolembedwa Malawi, ya -161, -73, -317, osati ya Zambia kapena Zimbabwe. Njirayi itha kusiya kusiyana kwa mamita 20 kapena kuposa, kotero ndi yokwanira pa mijigo, koma musaweruzire nayo mkangano wa malire a puloti.

Mijigo nayo ipititseni ku 32736, pulojekiti yonse ikhale pomwepo. Poyesa, sankhani mlatho kapena mphambano yomwe ili pa mapu akale, mukaime pamenepo ndi GPS, muone ngati zakumana.

Mukaona mjigo uli ku Sudan, mwaiwala chizindikiro cha minus pa latitude mu fayilo ya CSV.

Ndipo ngati muli ndi chithunzi cha Google kapena OpenStreetMap pansi, musawerengere kukula kwa munda m'manambala a EPSG:3857, CRS ya zithunzi zimenezi. Kuno kwathu amakuza zinthu: mahekitala 100 a ku Lilongwe amatuluka pafupifupi 106. Yezerani mu 32736.